Ndadzuka Pang'ono

Lolemba, 3 Juni

Zala zakana lero. Ndalimbana ndi mabatani a bulauzi mpaka ndangovala diresi yolowetsa kumutu. Nyamakazi imeneyi ikamva kuzizira imachita ngati yalandira mlendo.

Ku saluni kasitomala woyamba: "Mwadzuka bwanji amayi?" Ine: "Ndadzuka bwino!" mano onse panja. Ukamaluka mutu wa munthu uku ukubuula, ndani angabwerenso? Mapilisi ndamwera kuseri kwa katani.

Lachitatu, 5 Juni

Achemwali abwera ndi botolo linanso la zitsamba, ati mnzawo anachira nalo. Ndawauza kuti adokotala ananena kale, iyi sichira, timangoinyengerera. Ati, "Vuto lako iwe n'kusakhulupirira." Botolo ndaliika pansi pa sinki pomwe pali anzake.

Koma Fulumira, mwana wanga wachisamba, abale! Chimalizireni sukulu mitu yovuta yonse akuluka ndi iye, ine kwanga n'kudula mizere basi. Kudandaula ayi. Achemwali ati, "Watengera make ameneyu, sagwedezeka." Ndanyada, ndisaname.

Lachinayi, 6 Juni

Mawondo moto. Ndili bwino.

Loweruka, 8 Juni

Anthu piringupiringu tsiku lonse. Fulumira wavala juzi ya manja aatali, chonsecho makina owumitsira tsitsi akuwotcha chipinda chonse. Ati ndi fashoni. Chipeso akugwira ndi dzanja lamanzere.

"Uli bwino iwe?"

"Ndili bwino, amayi." Mano onse panja.

Kumwetulira kumeneku ndinakuonapo penapake.

Lolemba, 10 Juni

Mayo ine.

Fulumira wagwetsa beseni, wakhala pansi thukuta lili kamukamu. Ndamupinda juzi ija. Chilonda mpaka pachigongono, chotupa, mafinya. Anapsa sabata yatha ndi madzi otentha amene timaviikamo meshi. Anangopaka mankhwala otsukira mano n'kumanga kansalu.

Kuchipatala amugoneka. Anamwino andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi: "Mayi, mumakhala naye nyumba imodzi mwanayu?" Ati zalowa m'kati, za mkonowo tiona mankhwala akagwira.

Ndamufunsa, bwanji osanena? Ati, "Inuyo mumanena? Ndimakumvani mukubuula kubafa, mukatuluka n'kumati mwadzuka bwino. Ndiye ine ndizilira ndi kachilonda?"

Mwana wa ng'ombe akamadya udzu ndiye kuti anaonera make.

Lachiwiri, 11 Juni

Saluni yotseka. Thupi lake likadali lotentha. Ndikuopa. Eya, ndalemba: ndikuopa.

Ndakwiyanso, kaya ndi ndani. Ine ndinkati ndikumuteteza. Ndinkati mwana asakule akuwerenga nkhope ya make m'mawa uliwonse. Kani amawerenga ndithu, amangowerenga mwakachetechete.

Achemwali aimba foni: "Uli bwanji?" Ndati bwino. Pakamwa panga pamayankha pokha, ine ndisanafike.

Lachitatu, 12 Juni

Kuchipatala kuli mayi wa bedi loyandikana ndi la Fulumira, wa matenda a shuga, phazi lomangidwa. Aliyense akamupatsa moni amayankha mndandanda wonse, kenako n'kuseka mpaka bedi kugwedera. Amwene, munthu n'kutheka kudandaula n'kukhalabe wamphamvu chonchi? Ndamusirira.

Lachinayi, 13 Juni

Kutentha kwatsika! Adokotala ati mkono upola, chitsala n'chipsera.

Ndafika m'mawa, ndamupeza atakhala tsonga.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

"Bwino" anali atafika kale pamilomo. Ndamumeza.

"Ndadzuka pang'ono. Zala zatupa, bondo ili likukana, ndipo ndalira m'basi njira yonse. Kaya iwe?"

Wandiyang'ana m'maso.

"Inenso pang'ono. Chikuwawa, amayi. Chikuwawa kwambiri."

Walira ngati kamwana, ine ndamusiya alire. Mayi wa shuga uja watembenukira kukhoma, ngati sakumva.

Atapukuta misozi wandiloza pachifuwa: "Mwayenda chonchi m'tauni monse?" Kani mabatani awiri apamwamba ndinalephera kumanga, ndinangophimba ndi sikafu.

"Sunthirani kuno."

Ine ndagwira nsalu ndi zala zanga zopindikazi, iye akukankha batani ndi dzanja lake lamanzere. Lapulumuka. Tayambanso. Lapulumukanso.

"Gwirani zolimba, amayi."

"Sindingathe."

"Chabwino, gwirani mmene mungathere."

Lalowa.