Kumene Alamu Amapita

Dzoole, Dowa
17 Ogasiti 1972

Okondedwa achimwene a Yoswa,

Ndikhulupirira muli bwino ku migodiko. Kuno fodya tinagulitsa, mbuzi yanu yaswa awiri.

Ndalemba kuti ndibweze mawu anga. Paja ndinakuuzani kuti akazi anu, alamu a Faines, amasowa tsiku lathunthu mwezi uliwonse osanena kumene apita. Loweruka lapitali ndinawatsatira monyang'ama. Tisanafike n'kudambo komwe anatembenuka nati, "Alamu, mukubisala pachitsamba chokulekezani m'mawondo? Bwerani mundinyamulire khasuli."

Achimwene, ine ndimadziyesa mwamuna! Tinakwera mapiri a ku Ntchisi kuja, njira ya anyani yokhayokha, ine wefuwefu, malaya ali chonyowa. Iwo chitenje m'chiuno, opanda nsapato, kumadumpha miyala uku akuyimba nyimbo ya kwaya. Kawiri konse anandikoka dzanja.

Dzuwa lili pamutu tinafika. Pamwamba penipeni pali mwala waukulu wobooka pakati, wopindika ngati chigwiriro cha dengu, woti ngolo ya ng'ombe n'kudutsa pansi pake osakhudza. Palibe anausema. Mphepo imalira podutsa pamenepo, ndipo ukaima pakati umaona midzi, minda ndi utsi wa lupsa mpaka kuchigwa. Ndinavula chipewa osadziwa.

Alamu sanayang'ane n'komwe. Anagwada m'mng'alu wa mwalawo n'kuyamba kukumba mizu.

"Ndi ya miyendo ya amayi," anatero. "Imamera kuno kokha. Anandiletsa kuuza munthu, akuti a Chigwirizano anzawo akamva kuti amamwa zitsamba adzawaseka kutchalitchi."

Ndinati, "Nanga mmene mudzi wonse ukukunenani, bwanji osaulula?"

Iwo anati, "Ndinawalonjeza. Kodi simukuona kuti ayamba kupita okha kuchitsime?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Amayi athu, otibereka ife, akuyenda chifukwa cha mwana wa eni, pamene ine mwana wawo ntchito yanga inali kulemba miseche. Mkazi wotere sindinamuonepo.

Tsono nkhani ndi iyi. Kalata yanu ija, yoti alamu alongedze abwerere kwawo ku Chezi, inafika Lachiwiri. Mukudziwa kuti makalata anu ndimawawerengera ndine. Atandifunsa zomwe mwalemba, ndinati mukupereka moni ndipo kumeneko kukuzizira. Ndinanama, mundikhululukire. Kalatayo ili m'sutikesi mwanga ndipo sindidzaiwerenga. Chonde lembani ina msanga, yoti ndiwerenge mokweza osadumpha mzere.

Amayi akupereka moni. Sakudziwa kuti ndadziwa, inunso musawaonetse. Ana ali bwino, Debora wachoka dzino. Alamu nawo akuti moni wambiri. Akuti poti kukuzizira, ayamba kukulukirani juzi, ndiye munene ngati mwanenepa.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,
Bonifasi