Thumba la Simenti mu Paipi ya Mvula

Lachiwiri, 2 Epulo 2024
Sports City, kuno ku dziko la Aluya, kuseri kwa nyumba ya nsanjika khumi. Ntchito yake: kulumikiza nthambi yatsopano ku paipi yakale ya madzi a mvula, kuti madzi a pa geti asamatsikire kunsi koimika magalimoto. Paipi ya mvula m'dziko lopanda mvula. Tayipeza titakumba mpaka m'khosi. Mkati mouma gwa, mchenga ndi mphemvu imodzi yakufa.

Lachitatu, 3 Epulo
Tadula paipi yakale ija. Masana kunabwera mphepo ya mchenga. Ndinatseka kukamwa kwa paipi ndi thumba la simenti, monga tinkachitira ku Ndirande poopa dothi ndi makoswe. Ndi thumba limene ndimakhalira popuma, ndinalilemba dzina langa, ENOS, ndi penti kuti anzanga asamalande. Kapitawo wathu, a Rafiq, anandituma kukatsitsa njerwa. Pobwera, mnzanga wa pantchito, Kapambwe wa ku Chipata, wamanga kale joyini. "Khalas, zatha, mudala, tenga fosholo." Ndi mwezi wa Ramadani, tikuweruka msanga. Takwirira.

Loweruka, 6 Epulo
Njerwa tayala pamwamba, pokongola zedi. A Rafiq andigwira paphewa, akuti andilembetsa ngati pulambala, osatinso wothandizira. Zaka zitatu ndikudikira mawu amenewa.
Popuma ndinasakasaka chokhalira. Kenako ndinakumbuka. Thumba lija sindinalichotse mu paipi.
Ndafunsa Kapambwe ngati anachotsa kanthu asanamange. "Kanthu ka bwanji?"

Lolemba, 15 Epulo
Masiku onsewa za thumba sindinauze munthu. Mafoni akuti kukubwera mvula. Kapambwe akuti ya kuno imangonyowetsa fumbi. Koma mphepo iyi ndikuidziwa, ine ndi mlimi wa chimanga. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 16 Epulo
Yagwa. Ngati ya kwathu ya Januwale ndi ya Febuluwale kuphatikiza. Basi ya kampani sinabwere. Tsiku lonse pabedi, kumvetsera denga. Kumudzi ndikanavina.

Lachisanu, 19 Epulo
Kunsi kwa nyumba ija madzi akulekeza m'chiuno. Magalimoto khumi ndi anayi amira. Ku nyumba zoyandikana nayo kwaphwa kale, kwathu ayi. Mabwana mlandu augwetsera a Goodwell, mlonda wa pa geti, ati anachedwa kuyatsa pampu. Munthu wa ku Ntcheu, ana anayi. Ndi amene anandiphunzitsa kukwera sitima ya Metro nditangofika. Awauza kuti abweze yunifomu Lachiwiri, azipita kwawo.
Za paipi palibe akutchula. A Rafiq: "Ntchito yathu ilibe vuto, habibi, m'bale wanga."

Lamlungu, 21 Epulo
A Goodwell anabwera kuchipinda kudzandisiyira ketulo yawo, akuti siilowa mu sutikesi. "Achimwene, pampu ndinayatsa ine. Madziwo amabwerera kuchokera pansi." Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokozanso. Ndikudzida.

Lolemba, 22 Epulo
Njerwa ya chisanu ndi chiwiri kuchokera pa geti, ndiye kukumba mpaka m'khosi. Ndamuuza Kapambwe za thumba lija. Anafunsa: "Iwe, lili na dzina lako?" Lili nalo, zilembo zofiira, zazikuluzikulu. Ndinalemba mosamala.
Upulambala wapita. Mwina ndi ntchito yomwe.
A Rafiq ali m'galimoto yawo, akumaliza foni. Akatsika ndiwauza zonse. Piki ndatenga kale. Ketulo ili m'chikwama, ndikabweze kwa eni ake.