Mpini wa Zuze Unathyola Mkono Wanga

Amayi, kumene munapitako mukupumula bwino kodi?

Mukhululuke zilembo zokhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'chikhakha. Chifukwa chake ndikuuzani, koma ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa mchimwene wanga Zuze, anachira mwana wamkazi ndipo tinamutcha dzina lanu. Mapira tadula okwanira, ngakhale mbalame zinadya gawo lawo. Mbuzi yanu yamawanga ija ng'ona inaigwira ikumwa madzi ku Shire.

Mukukumbukira kachipatala kolipira ka pamsika paja, kumene ndinkasesa ndi kuchapa nsalu? Mutangotisiya, zinthu zinayamba kuwonongeka. Fuliji ya mankhwala inafa, koma adokotala anati tiziikabe mabotolo momwemo kuti odwala asadziwe. Jakisoni mmodzi ankabayira anthu awiri kapena atatu, atangomutsukuluza m'beseni. Tsiku lomwe oyendera zipatala anabwera, adokotala anandituma kukabisa makatoni a mankhwala otha mphamvu m'khola la nkhuku. Ndinabisa, Amayi. Mayi wina mwa oyenderawo anandikokera pambali n'kundifunsa ngati panali vuto. Ine ndinangoyang'ana pansi. Inu munkati, "Mbale yotsukira alendo okha imapha eni nyumba." Mawuwo ndinawamva m'mutu, koma ndinaopa kuchotsedwa ntchito.

Kenako Malita, mwana woyamba wa Zuze uja munkamubereka popita kudimba, anadwala malungo. Ndine ndinati abwere naye kukachipatala kathuko poti n'pafupi. Anamubaya pathako. Patatha masiku atatu mwendo unatupa, n'kuda, n'kuyamba kununkha. Pofika naye kuchipatala chachikulu pa njinga, anali atazizira kale kumsana kwa amake. Mukamuona kumeneko mumugwire dzanja, mukudziwa kuti amachita manyazi ndi anthu.

Titamuika, anthu sanabwerere kusiwa. Anachoka kumanda ndi makasu omwewo, dothi lili mbuu, kulunjika kumsika dzuwa lili paliwombo. Miyala inayamba ndi mazenera. Adokotala anathawira m'chimbudzi, koma anthu anathyola chitseko n'kuwakoka miyendo mpaka pakhonde. Zuze anagulula khasu n'kutsala ndi mpini. Anawamenya nawo kumaso, mano anagwera pasimenti ngati chimanga. Ena anabwera ndi njerwa, amayi ena ndi misi. Magazi anayenderera mpaka pamasitepe amene ndinkakolopa m'mawa uliwonse.

Ndinathamanga n'kukadzigwetsa pamwamba pa adokotala. Sikuti ndinkawamvera chisoni ayi. Ndinkaopa kuti mwana wanu asanduka wakupha ine ndikuonerera. Mpini unali utakwera kale, ndipo unatera pamkono panga. Ndinamva fupa likuti thyo. Zuze anandiyang'ana ngati sakundidziwa, kenako anaponya mpiniwo n'kukhala pansi, manja kumutu. Koma enawo sanaleke. Wina anathira petulo m'chipinda cha mankhwala n'kuyatsa. Mabotolo ankaphulika, malata akupindika. Mkati munali mayi woyembekezera ali pa diripi, amene aliyense anamuiwala. Anzake ogulitsa nsomba ndiwo anamutulutsira pazenera, chitenje chikuyaka kumsana.

Adokotala ali moyo, koma diso limodzi linaphulika. Mayi uja akuchira, mimba sinachoke. Zuze ali m'chitokosi. Mpongozi wanu sandilankhula, ndipo ndikapempha kunyamula khanda amalitembenuzira kukhoma. Anamva kuti za majakisoni ndinkazidziwa. Sindimuda, akunena zoona.

Lolemba ndaitanidwa kukhoti. Amalume akuti ndikanene za adokotala zokha, za amene anamenya ndikati sindinaone chifukwa cha utsi. Akwawo kwa adokotala nawonso atumiza uthenga kuti ndikumbukire amene ankandidyetsa. Aliyense akufuna theka la pakamwa panga.

Amayi, ndikukulonjezani kuti ndikanena zonse, kuyambira zimene ndinachita ine. Ndikatchula adokotala, ndikamutchulanso Zuze, ngakhale tinayamwa bere limodzi. Mwina pobwerako pamudzi sadzandilandira. Koma nditakhala chete ulendo woyamba tinakumba manda a mwana, ndipo kachiwiri sindingathe.

Mundipempherere kuti mawu asandithawe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanesi