Thumba la mizu kuseri kwa chitseko cha amayi

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Kodi amayi adzuka bwanji? Chifuwa chija chikuwapatsako mpata? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Nsapato zija zatha ndi kuzungulira m'mawodi, ndipo mnzanga wa m'chipinda akulizabe mkonono ngati chigayo. Koma sindinatengere cholembera zimenezo.

Lachiwiri ndinakuimbirani foni kuti amayi asiye kumwa mizu ya m'thumba lili kuseri kwa chitseko chawo. Mutandifunsa chifukwa, ndinadula foni. Kenako munatumiza uthenga woti amayi akana, ati sangasiye mankhwala a malemu bambo chifukwa cha mwana amene sukulu ya udokotala yamulowa m'mutu. Chifukwacho chinandikanika pakamwa, n'chifukwa chake ndachilemba.

Chaka chino tili ndi phunziro la zomera zamankhwala. Limachitikira m'chipinda chopanda mawindo, chodzaza makabati achitsulo, momwe amasungamo zomera zouma zomatidwa pamapepala. Aphunzitsi ake ndi bambo aafupi, aukali zedi. Tinawapatsa dzina loti a Duwalilikuti, chifukwa ukawabweretsera tsamba kapena muzu amangokufunsa funso limenelo n'kukubweza. Tinkawaseka kumbali, ineyo ndili patsogolo.

Lolemba anayala mapepala awiri patebulo kuti tisiyanitse zomera zake. Achimwene, ndinangoona n'kuzindikira: chitsamba chija bambo ankakumba cha chifuwa. Masamba ofanana, mizu yofanana. Tonse tinati n'chimodzi. Apo aphunzitsi anachotsa timapepala timene anaphimbira maluwa. Lina loyera, lina lofiirira. Anati chamaluwa oyeracho anthu akhala akuchizira chifuwa kuyambira kale, koma chinzakecho chimadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ziwirizi zimamera moyandikana. Anatinso sing'anga wodziwa ntchito yake sakumba chitsamba chotere chisanachite maluwa, ndipo womuseka ndi mbuli, ngakhale atavala gauni yoyera.

Mukukumbukira lamulo la bambo, loti muzu umenewu sukumbidwa usanavale maluwa. Sankafotokoza chifukwa chake, ndiye ine ndinkati ndi zikhulupiriro chabe za anthu akale.

Mukukumbukiranso tchuthi chija, bambo atatisiya kumene, amayi ndi azakhali akutsokomola onse awiri. Inu munati tidikire mvula, maluwa atuluke. Ine ndinakuyankhani mwamwano kuti muzu ndi muzu, suwerenga kalendala. Ndinanyamula khasu, ndinakumba, ndinadzaza thumba mpaka pakamwa. Amayi anandiyamika kuti ndatenga manja a bambo, ine n'kumadzimva.

Lachiwiri m'mawa dokotala wamkulu anatiimika pabedi la mayi wina wa maso achikasu, mimba yotupa, akudzikanda thupi lonse. Anatiuza kuti timufunse zimene wakhala akumwa kunyumba. Anzanga anafunsa n'kumalemba. Ine pabedipo ndimangoona azakhali, mmene analili mwezi wawo womaliza uja. Ndinathamangira kunja, ndi pamene ndinakuimbirani.

Sindinganene kuti mizu yonse m'thumbamo ndi yoipa. Mwina ndinasakaniza, ndipo popanda duwa ngakhale a Duwalilikuti sangaisankhe ndi maso. Chimene ndikudziwa n'chakuti azakhali ankamwa katatu patsiku, amayi amamwa kamodzi. Kalanga ine, kusiyana kwake ndi kokhako.

Palinso china chikundidya. Pamaliro a azakhali paja anthu ananong'onezana kuti alamu, akazi anuwo, anawathira malemuwo kanthu m'chakudya, popeza ankakonda kuyambana. Mpaka lero amayi salandira madzi ochokera m'manja mwa akazi anu. Inenso ndinawayang'ana ndi diso loipa, moni wawo ndinkayankhira kumbali. Manyazi andigwira, sindikudziwa kuti nkhope ndidzaiika pati.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi sasiya mizuyo pongowauza, mukuwadziwa. Choncho chotsani thumbalo kuseri kwa chitseko, muliike pamiyendo panu, muitane amayi ndi alamu, ndipo muwawerengere kalatayi yonse. Mukatha, tsiku lomwelo, mupite nawo kuchipatala pamodzi ndi thumbalo, mukapemphe kuti awayeze magazi aone chiwindi. Musalitaye, musaliwotche, madokotala adzafuna kuliona. Ine ndapempha chilolezo, ndifika Loweruka.

Ndikukudziwani, Achimwene. Kuyambira tili ana mumandibisira zolakwa, mbale ndikaswa ine mumati mwaswa ndinu. Uno ulendo musatero. Musadumphe mzere, musanene kuti mizu yangoola kapena yafumbwa. Mukafika poti ndinakumba ndine, musatsitse mawu. Amayi andikwiyire, anditukwane, asandilankhule chaka chathunthu, bola akhale ali moyo.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana a azakhali, amene ndidzawauza ndekha ndikafika, ndi kwa ana anu onse atatu. Kwa alamu sindikutumiza moni, ndidzawagwadira ndekha.

Musanachite china chilichonse, atulutseni amayi padzuwa muwayang'ane m'maso, mundiimbire mundiuze mtundu wake.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
uja bambo ankamutcha Adokotala.