Thoko Wayankhula Pamsonkhano

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji?

Ife kuno ku Chalimbana tili bwino, ndipo sindikunena mongokusangalatsani. Mvula chaka chino inatikumbukira. Chimanga cha m'munda wakumtunda chadzaza nkhokwe, ndipo mtedza uja munasiya mbewu yake m'chigubu ukuberekabe. Kwa mlongo wanga Yohane kwabadwa mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo walitenga ndi mawu omwe, chifukwa akalira nkhuku za aneba zimathawira kutchire. Denga la khitchini linayamba kudontha pomwe paja munkaikapo beseni. Yohane akuti akonza, ndiye inu mukudziwa kale kuti beseni likhalapo mpaka chaka chamawa.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya Thoko, mzime wanu. Munamusiya ali ku koleji. Anamaliza, anakhala chaka chathunthu pakhomo akutumiza makalata osayankhidwa, kenako anapeza ntchito. Musaganize za ofesi yaikulu yokhala ndi mlonda pageti. Ndi kakampani kongoyamba kumene, ka anthu asanu ndi awiri, m'nyumba ya lendi kufupi ndi Kasisi. Amagula ndiwo zamasamba m'madimba a ku Nkomeshya n'kukagulitsa m'malesitilanti a ku Lusaka. Mlimi amalandira uthenga pafoni kuti mawa uthyole repu, lole ifika m'mawa. Ntchito ya Thoko ndi kuyendera alimiwo. Bwana wake, ba Chanda, ndi mtsikana wochepa kwa ine, wovala nsapato zothamangira, ndipo ndinamuona ndi maso angawa atasenza bokosi la matimati. Anamupatsa Thoko miyezi itatu yomuyesa. Akakhutira naye amulemba ntchito, akapanda kukhutira abwerere pakhomo.

Ine monga mkulu wake, wa zaka khumi ndi zinayi za ukalaliki ku ofesi ya boma, ndinamukhazika pamphasa n'kumulangiza. Uzifika bwana asanafike. Pamsonkhano uzikhala kumbuyo. Wamkulu akalakwitsa, womukonza si iwe. Ndinatchulanso dzina lanu kuti mawu alemere, ndinati Amayi anatilera ogwada, usakatichititse manyazi. Tsiku limenelo ndinadziona wanzeru kwambiri, moti ndinadzithirira masupuni atatu a shuga mu tiyi.

Mwana anamvera, Amayi. Ankadzuka kusanache, ankabwera dzuwa likulowa, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anayamba kuonda. Ndikamufunsa ankangoti zili bwino, ndipo ine ndinkamuseka kuti walira mvula walira matope.

Lamulungu lapitalo, titachoka kutchalitchi, anandipeza ndikusenda mbatata kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi ndi chovala chake cha kwaya, osasamala dothi.

"Ba sisi, nchito yasila," anatero. "Pa Chisanu miyezi itatu ikwana. Ba Chanda aniuza kuti, 'Thoko, ugwira nchito na mphamvu, koma sitiziba vamene uganiza. Lole ibwela hafu, tikakufunsa uyangana chabe pansi.'"

Ndinamufunsa ngati iye akudziwa chimene lole imabwerera theka.

"Niziba. Manambala amene analemba ni ya azibambo, koma madimba ni ya azimai. Uthenga ufika, bambo ali ku ganyu mu tauni, foni ili mu thumba. Amai azamva lole yapita kale."

Ndiye kuonda kuja n'kumeneko. M'malo mokanena ku ofesi, Thoko ankapalasa njinga dimba ndi dimba kukauza azimayiwo pakamwa, koma njinga imodzi sinkafika m'madimba onse. Analemba manambalawo anali ba Chanda eni ake, Thoko asanayambe ntchito. Kunena chilungamo kunali kukonza bwana pamaso pa anzake. Ndinayamba kumukalipira kuti bwanji wakhala chete masabata onsewa, koma anandidula mofatsa.

"Si ndimwe munaniuza kuti wamkulu sitimukonza?"

Amayi, ndinachita manyazi. Mpeni unali m'manja koma mbatata sindinaione. Ndipo pomwepo ndinakukumbukirani chaka chija Atate anafuna kudzala thonje m'munda wonse, abale awo atabwera kuchokera ku Katete kudzawalimbikitsa. Inu munalowa ndi madzi osamba m'manja, munagwada bwinobwino, munasambitsa alendo onse, kenako muli chigwadire munati, "Atate a Misozi, thonje sitiphika. Anawa adzadya chiyani?" Atate anatsokomola, ndipo theka la munda linakhala la chimanga. Maondo anu ankagwada, koma mawu anu sankagwada. Ine ndinatola maondo okha, n'kumupatsira mwana wanu ngati ndicho chuma chonse munatisiyira.

Ndinapepesa kwa Thoko, chinthu chimene mukudziwa kuti chimandivuta ngati kumeza mankhwala a malungo. Kenako ndinamulangiza kachiwiri, nthawi ino nditayamba ndaganiza. Ndinati ku ofesi kwathu kalaliki akhoza kukhala chete mpaka kupuma ntchito, nyumba ya boma siigwa. Koma pa anthu asanu ndi awiri, lole ikapitiriza kubwera theka, nonse mubwerera pakhomo, ndi ba Chanda omwe. Iwo amaona madimba pakompyuta, iwe umawaona ndi maso, ndipo maso amenewo ndiwo anakuitanira. Ndinamuuza kuti asapite ndi dandaulo lokha. Alembe papepala mayina a azimayi, amene ali ndi foni ndi amene alibe, ndiponso chimene iye akuona kuti chingachitike. Ndinatsiriza ndi mawu anu aja munkatiuza tikamanyinyirika pakona, oti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachitatu kunali msonkhano wawo wa sabata ndi sabata. Zotsatirazi wandiuza yekha, ndipo taseka mpaka misozi. Akuti anaimirira, chinthu chimene kumeneko sachita, anapinda manja n'kupepesa katatu asananene kanthu, mpaka ba Chanda anati, "Thoko, kamba chabe, sitili ku khoti." Anakamba. Pepala lili m'manja, anakamba zonse. Anati alembe manambala a azimayi, ndipo kumene kulibe foni asankhe mayi mmodzi wolandirira uthenga madimba oyandikana.

Musaganize kuti anamuombera m'manja. Ba Chanda anagwira mutu, kenako anamufunsa kuti anadziwa liti zimenezi. Thoko anayankha kuti sabata yachiwiri. Apo ndiye bwana anakwiya ndithu, osati chifukwa chokonzedwa pagulu, koma chifukwa cha repu yense anafotera m'madimba mwana wanu akusunga ulemu. Thoko anabwera pakhomo ali wotsimikiza kuti wadzichotsa yekha ntchito, ndipo ine ndinadya osamva kukoma, podziwa kuti mlandu ndi wanga.

Lachinayi m'mawa ba Chanda anamutenga pagalimoto kupita ku Nkomeshya. Anayenda dimba ndi dimba, bwana akulemba, Thoko akutsogolera. Mayi wina wachikulire akuti anamuyang'ana bwanayo kuchokera kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "Ise tinali kudabwa. Mugula repu wanga, koma mukamba na amuna anga amene sadziwa na pamene chitsime chili." Ba Chanda anaseka, ndipo anapepesa kwa mayiyo pamaso pa Thoko. Bwana kupepesa padimba, Amayi! Ine zaka zonsezi sindinazione.

Lachisanu anamulemba ntchito. Anamuuzanso kuti Lachitatu lililonse ndiye aziyamba kuyankhula pamsonkhano, ndipo aziyamba ndi zimene zalakwika. Ndakondwa, Amayi. Ndakondwa kwambiri, ndipo ndikunyada ngati ndinamubereka ndine.

Ndinali pakhonde pamene anafika. Anaponya njinga pageti mawilo akuzungulirabe, anandipitirira ngati sanandione, kalata ili m'mwamba, akukuwa kuti, "Amai! Amai, anilemba!" Anathamanga mpaka pakhomo la chipinda chanu, ndipo atagwira chitseko m'pamene anakumbukira kuti munatisiya. Anaima pamenepo osatsekula. Ndinapita n'kuima naye, ndipo patapita kanthawi anatembenuka n'kundipatsa ine kalatayo ndi manja awiri.

Ndinaiwerenga mokweza, liwu ndi liwu, kuti nanunso mumve.

Ndikulonjeza kuti makalata ake onse ndiziwalandira m'malo mwanu, okoma ndi owawa omwe, ndipo ndisanamulangize ndiziyamba ndamufunsa chimene iye waona. Timakukondani, Amayi, ndipo takusowani.

Ndine mwana wanu woyamba,
Misozi