Andizimitsira Maikolofoni

Lachinayi, Okutobala. Kunja kwatentha, koma mtima wanga ukuwira kuposa pamenepo.

Lero gulu lathu la maphunziro a pa intaneti a kayendetsedwe ka makoleji limafotokoza ntchito yake kwa aphunzitsi pa vidiyo. Tsoka langa ndi lakuti Ba Mubita, bwana wanga kuno ku koleji, tili nawo gulu limodzi. Mutu wa ntchitoyo unali wakuti mtsogoleri wabwino amamvera anthu ake. Masamba onse ndinalemba ndine, ena ndikugwedezeka m'minibasi ya ku Maramba. Iwo sanalembepo ngakhale dzina lawo.

Tinakhala pa laputopu imodzi mu ofesi yawo. Nthawi yanga yolankhula itakwana, anatambasula dzanja n'kuzimitsa maikolofoni. "Iwe Tisa, nkhala chabe zee. Mukulu pano ni ine." Kenako anayatsa, n'kuwerenga mawu anga mopunthwapunthwa, aphunzitsi n'kuwayamikira. Mbava yovala tayi!

Madzulo ano kwabwera fomu yachinsinsi yakuti aliyense apereke malikisi kwa anzake. M'gulumu tilimo atatu okha, Ba Mubita adzandizindikira. Tchuthi changa cha mayeso amasainira ndi iwowo.

Ndawapatsa ziro. Pa ndemanga ndalemba liwu limodzi: samvera.