Ntchito ya Elia Ilibe Dzina la Chichewa

Lachiwiri, 3 Okutobala 1995
Pepa, kabuku kanga. Ndinakugula kuti ndizilembamo nyimbo za kwaya, koma izi ndilibe womuuza.
Elia wa ku Malomo watuma ankhoswe ake kudzandifunsira. Amalume Andireya anafunsa ntchito imene amagwira ku Lilongwe. Ankhoswewo akuti ndi pulogalama wa kompyuta. Palibe anadziwa kuti ndi ntchito yanji. Amalume akuti ndivomere kapena ndikane ndekha mwezi usanathe.

Lachisanu, 6 Okutobala
Azakhali Monika akunena za Elia, tikusenda mtedza: "Manja osalala ngati a khanda, kulemba tsiku lonse. Amene anapereka dzina la bambo ako nthawi ya chipani chimodzi analinso wolembalemba."
Bambo anawatenga ndili Sitandade 4. Sanabwerere.
Elia ndimamukonda. Ndalemba, basi.

Lamulungu, 8 Okutobala
Misa itatha ndinadikira onse achoke. Mawu aja akuti pulogalama wa kompyuta ndinawalemba pachikhatho, kuopa kulakwitsa. Sisitere Margareta anatsegula dikishonale yaikulu. Akuti kalekale kompyuta anali munthu, wogwira ntchito yowerengera masamu. Makina anatenga dzina lake. Pulogalamu ndi mawu a Chigiriki, chidziwitso chopachikidwa poyera kuti aliyense awerenge. Pulogalama ndiye amalembera makinawo malangizo.
Ndinafunsa kawiri: poyera? Akuti poyera.

Loweruka, 21 Okutobala
Elia wabwera panjinga. Ndinamuuza kuti andionetse zimene amalemba, pamaso pa amalume. Anaseka: "Iwe Lidia, wasanduka wapolisi?"
Anali ndi pepala m'chikwama. Lalitali, lamabowo m'mbali. Ndinaliwerenga ndi chala, mzere uliwonse. Chingerezi chodukaduka ndi manambala. Dzina la munthu palibe. Amalume anagwedeza mutu, okhutira.
Ine ndinafunsa: nanga amene amakuuza zoti uwauze makinawo ndani? Anati abwana. Abwana ati? Mayina akalowa m'makinamo amawerenga ndani? Anayang'ana matayala a njinga yake. Akuti anasainira kuti asamaulule za ku ofesi.

Lolemba, 30 Okutobala
Mawa mwezi utha. Ndapempha amalume masabata awiri ena. Adabwa kundimva ndikuyankhula chonchi.
Kalata yopita kwa Elia ndapatsa kondakitala wa minibasi. Ndinaikopera katatu kuti pasakhale chofufuta. Ndamuuza Elia kuti za ku ofesi asunge, koma dzina la abwana ake andipatse, ndipo ayankhe msanga mvula isanadule msewu. Akapanda kutero, ndikana.
Mitambo yayamba kale kuda cha ku phiri la Ntchisi.